Chitini Chomata Phula

Wapolisi Kowalke anali atawerenga zitinizo katatu, ndipo katatu konseko zinakana kukwana khumi ndi ziwiri.

"Khumi ndi chimodzi," anatero akundiyang'ana ngati ndine ndasokoneza masamu. "Tessa, ukunenetsa kuti zinalipo khumi ndi ziwiri?"

"Ndinazikweza ndekha dzulo pa masitepe awo. Ufunse msana wangawu, uchitira umboni."

Tinali m'kachipinda koonetsera kanema, pamwamba pa holo yokhayo ya m'tauni yathu ya Halder Creek. Monsemo munali fungo la viniga, fungo limene filimu imatulutsa ikayamba kukalamba. Pakona panakhala a Orville Haugen, a zaka 78, manja ali pamaondo. Anali atayendetsa makina a m'chipindamo kwa zaka 51, ndipo kiyi wa chitseko ankayenda naye m'khosi ngati mtanda.

Nkhani yake inayamba mu 1982, ine ndisanabadwe. Vern Stadler, wogulitsa feteleza, anagula kamera n'kuganiza kuti akhoza kupanga filimu yoopsa. Anaitcha *Mng'oma Wachisanu*. Munthu wovala zovala za mlimi wa njuchi, nkhope yobisika m'chisoti cha neti, akupha achinyamata mmodzimmodzi ndi mpeni wodulira zisa za uchi, mpaka mtsikana wotsala yekha akumugwetsa ndi fosholo. Anaijambula masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Wogwira nyale ndiye ankaphikanso, ndipo wophikayo madzulo ankaphedwa mufilimu. Inaonetsedwa milungu iwiri n'kuiwalika.

Patapita zaka, anthu a mitu yachilendo anaitulukira. Lero amachokera ku Germany ngakhale ku Japan kudzajambulitsa pa khola limene munthu wachitatu anafera. Ine ndinalemba masamba 112 ku yunivesite za filimu imeneyi, ndipo amayi anga amauza anzawo a kutchalitchi kuti ndinaphunzira za ulimi wa njuchi.

Anthu amaikonda pa zifukwa ziwiri. Choyamba, njuchi zake ndi zenizeni: paliponse pamene magazi akhetsedwa, zimadzaza kuti bii, pamanja a wakuphayo, pampeni, paliponse. Chachiwiri, kumapeto kwa filimu, pamene payenera kukhala dzina la wakuphayo, pali chizindikiro cha funso basi. A Lyle Kaczmarek, amene kale ankagulitsa nyama, akhala akuyankha funsolo kwa zaka 25: ndi iwowo.

Stadler anamwalira m'nyengo yozizira yapitayi. M'nkhokwe yake tinapezamo zitini khumi ndi ziwiri za zidutswa zimene sizinalowe mufilimu, zonse zofanana, zopanda cholembedwa chilichonse. Tinapezanso kope lake, ndipo mzere umodzi unati: *Nkhope ya wakupha ili m'chitini chomata phula.* Phulalo linali lopyapyala, m'mphepete mwa chivindikiro, loti ungalidziwe pokhapokha utakanda ndi chikhadabo. Kopelo tinawerenga awiri okha, ine ndi a Haugen. Pa zikwangwani tinangolemba kuti Loweruka, tsiku lomwelo, 3 koloko masana, anthu adzaona nkhope ya wakuphayo. Koma kuti ndi chitini chiti, sitinauze munthu.

Ndipo chimenecho n'chomwe chinasowa.

"A Haugen," anatero Kowalke akukanda khosi, "munawerenga 7 koloko m'mawa, zinali zokwana. Munapita kokamwa khofi, mwabwera 9 koloko, chimodzi palibe. Loko sanathyoledwe. Kiyi ndi mmodzi. Ndipo theka la tauni linakumvani mukunena kuti chitinicho chisatsegulidwe."

"Ndinanena."

"Chifukwa?"

"Za akufa n'za akufa."

"Ndithandizeni, bambo. Munkandilowetsa ulere muno ndili mwana. Koma mphwake wa Stadler waimba kale kanayi kuchokera ku Chicago, akuti katundu wa banja lawo wabedwa, akufuna dzina. Akuluakulu a holoyi akuti kiyi mubweze lero. Ikakwana 2 koloko chisanapezeke, ndikutengani."

A Haugen anagwira kiyi wa m'khosiyo. 

Ndinatuluka kuti ndipume mpweya wopanda viniga, ndipo nsapato yanga inalira kuti tsekete. Panja pa chitsekopo pamakhala ndowa yofiira ya mchenga wozimira moto, ya m'masiku amene filimu inkayaka ngati udzu. Ndadutsa pa ndowa imeneyo kambirimbiri, mchenga wake uli gwaa ngati simenti. Tsiku limenelo unali utafukulidwa, wina utatayikira pansi, ndipo pakati panali dzenje lokwana dzanja.

Ndinabwerera mkati. "A Haugen, mumchengamu munali chiyani?"

"Mchenga."

"Nanga pansi pa mchengawo?"

Anayang'ana kudenga. Munthu amene wakhala zaka 51 mumdima sadziwa kubisa nkhope poyera.

"Kowalke," ndinatero, "munthu amene ali ndi kiyi m'khosi safukula ndowa."

A Haugen anausa moyo. "Vern ankalumikizira filimu yake muno. Anadulitsa kiyi wina n'kumukwirira mmenemo kuti asamandidzutse. Ndinaiwala n'kuiwala komwe."

"Ankadziwa ndani?"

"Onse amene ankagwira naye ntchito. Ambiri ali kumanda."

"Amoyo?"

Anatseka pakamwa ngati chitini. Koma zimenezo ndinalemba pa tsamba 9 la zolemba zanga za kuyunivesite zija. Amoyo analipo atatu, ndipo mmodzi ndinali naye pomwepo.

* * *

A Lyle Kaczmarek ndinawapeza kupaki, kumene amayi a mpingo ankagulitsa zitumbuwa kwa alendo. Anali atakhala pansi pa mtengo, chimunthu chachikulu, chisoti cha neti chili pathebulo, ndodo ziwiri zoyendera zili pambali. Mzere wa anthu ofuna kuti awasayinire zithunzi unkafika kumsewu.

"Apulofesa afika!" anakuwa atandiona. "Anthu inu, uyu analemba buku lonse za ine, koma sanandigulirepo ngakhale mowa umodzi!"

"A Kaczmarek, pakati pa 7 ndi 9 koloko munali kuti?"

"Pompano, mwanawe! Funsa Mjeremani uyu, wandijambula kokwana makumi anayi. Kodi n'zoona zimene ndikumva, zoti Orville wadya chitini?"

"Wina wakwera masitepe 32 a kuholo."

"Ha! Maondo awa? Ndikanayamba Lachinayi." Anasayina chithunzi china: *Wakupha wako, Lyle.* Anthu anaseka. Anali osangalala kwambiri, ndipo zinandidabwitsa. Munthu amene nkhope yake iti ionekere dziko lonse masanawa akanayenera kukwiya kuti chitini chabedwa. Iwo ankaoneka ngati wodwala amene dokotala wamuuza kuti opaleshoni yalephereka.

Mtsikana wina wa tsitsi lobiriwira anawafunsa za njuchi, funso limene amafunsidwa paliponse.

"Aa, imeneyo ndiyo nkhani! Magazi a m'mafilimu, ogula m'botolo aja, Vern anati n'ngodula. Ndiye bambo ake a Darlene Pruss, mtsikana wa fosholo uja, anali ndi ming'oma, n'kutipatsa uchi waulere. Tinkasakaniza uchi ndi madzi ofiira a bitiruti m'beseni lochapira. Tsiku loyamba tamuthira mnyamata woti aphedwe pachifuwa, padzuwa, mwezi wa Ogasiti, pafupi ndi ming'oma makumi atatu. Mukuganiza chinachitika n'chiyani? Zinabwera! Mtambo! Aliyense akuthawa, Vern akukuwa kuti jambula, jambula, usazimitse! Ine ndangoima nji, mpeni m'manja, zikundiyenda m'zala..."

Nthawi yomweyo njuchi imodzi, imodzi yokha, inatera pa mbale yawo ya zitumbuwa.

Sindinaonepo munthu wa ndodo ziwiri akuthamanga choncho. Mpando unagwa, zithunzi zinamwazika, ndipo ndinawapeza kuseri kwa mtengo, nkhope ili mbuu, dzanja litagwira kajakisoni kachikasu kamene anasolola m'thumba. Alendo ankaomba m'manja poganiza kuti n'sewero.

"Yapita?" ananong'ona.

"Yapita. Jakisoniyo ndi wa chiyani?"

"Ikangondiluma imodzi, kukhosi kumatseka. Mphindi khumi, basi, mwandiika."

"Zinayamba liti?"

"Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinagona m'chipatala mlungu wo..."

Anaima. Tinayang'anana. Mu 1982 anali ndi zaka 26.

"Tessa," anatero ndi mawu amene sindinawamvepo, aang'ono, "zimenezi usalembe."

* * *

Ndikuyendetsa galimoto kupita kumunda kwa a Pruss, ndinkadzitukwana. Filimuyo ndaionera kokwana makumi asanu ndi limodzi. Ndinawerengapo ngakhale mabatani a malaya a wakuphayo. Koma sindinadzifunsepo funso limene mwana aliyense wakumudzi akanayamba nalo: kodi ndani angaime chilili, manja ali uchi okhaokha, njuchi zikumuyenda m'zala, osanjenjemera?

Mayi Darlene Pruss, mtsikana wa fosholo uja, tsopano anali ndi zaka 59, wamtali ngati chitseko. Ndinawapeza pakati pa ming'oma yawo, opanda chisoti, opanda magolovesi, akusuzumira chisa padzuwa.

"Usayende mothamanga," anatero osacheuka. "Sizikonda anthu a changu."

"Mwadzuka bwanji, mayi Pruss?"

"Ndadzuka."

"M'mawawu munapitako m'tauni?"

"Ndinakasiya uchi kupaki."

"Nthawi yanji?"

"Njuchi zilibe wotchi."

"Chitini china chasowa kuholo."

"Ndamva."

"Simukudandaula? Anthu abwera kuchokera kutali."

Anabwezera chisa mumng'oma pang'onopang'ono. "Filimu ya zaka makumi anayi. Mwina mkatimo ndi phala lokhalokha. Phula silisunga chinthu mpaka kalekale."

Anali atadzikola okha. Ndimakonda kamphindi kameneka kuposa chakudya.

"Phula lanji, mayi?"

Dzanja lawo linaima m'malere.

"Pa zikwangwani sitinalembe za phula. Kope la Stadler tinawerenga awiri, ine ndi a Haugen, ndipo a Haugen sauza munthu ngakhale nthawi. Zitini zonse n'zofanana. Wakubayo sanatsegule chilichonse, anangotenga cholondola. Ankadziwa pokanda."

"Umalankhula kwambiri, ngati amako."

"Ming'oma yanu pamzerewu ndi isanu ndi itatu. Yonse ili piringupiringu pakhomo, kupatula wachisanuwo. Ndipo nditadutsa pamenepo ndamva viniga. Kunena zoona, mayi, wachisanu? Mukanasankha wina."

Kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana, ndipo pakona pa mlomo wawo panagwedezeka. "Ndi wokhawo unali wopanda kanthu. Usaganize kuti ndine wandakatulo."

Anakhala pa bokosi. Njuchi ziwiri zinkayenda pamkono pawo ngati zili kwawo.

"Vern anasankha Lyle chifukwa cha thupi," anatero. "Tsiku loyamba njuchi zitabwera, Lyle anadzitsekera m'galimoto, akulira. Vern n'kuona kuti njuchizo ndizo filimu yake. Anayang'ana uku ndi uku. Ine ndakulira m'ming'oma. Ndinavala ovolosi ya bambo anga, majuzi atatu mkati, mabuti a nambala 12 odzaza nyuzipepala. Anthu asanu aja ndinapha ndine. M'mawa ndinkathawa wakupha, masana n'kukhala wakuphayo. Kamodzi ndinadzithamangitsa ndekha kuzungulira khola, Lachiwiri kutsogolo, Lachinayi kumbuyo."

Ndinalemba masamba asanu ndi limodzi za kuthamangitsana kumeneko.

"Nanga pamapeto, pamene muli awiri pachithunzi chimodzi?"

"Pamenepo ndi Lyle. Tinajambula m'nyumba, mazenera otseka."

"Chifukwa chiyani munabisa?"

"Vern anati ogula akamva kuti chilombo chake ndi kamtsikana ka zaka 19, aseka. Kachidutswa kamene ndikuvula chisoti anati tikatenthe. Ine ndinakana, n'kumata chitinicho ndi phula la bambo anga. Ndinkafuna tsiku lina munthu adzadziwe." Anachotsa njuchi pamkono ndi chala. "Kenako mkazi wa Lyle anamwalira. Butchala inatsekedwa. Ankamwa kuyambira m'mawa. Tsiku lina kunabwera kalata ya mnyamata wa ku Ohio yofunsa ngati iye ndiye anali m'chisoti. Anabwera nayo kuno. Ndinati yankha kuti inde. Kuyambira pamenepo sanagwirenso botolo. Zaka 25. Iwe ukufuna umulande zimenezo 3 koloko, pamaso pa Ajeremani?"

Zimenezi kuyunivesite sanatiphunzitse. Ndinayang'ana wotchi.

"Mayi, ikakwana 2 koloko Kowalke akutenga a Haugen. Kiyi awalanda lero."

"Orville? Wachita chiyani Orville?"

"Akhala chete. Ndikuganiza kuti ataona mchenga uja anadziwa kuti ndi mmodzi wa inu awiri."

Anatukwana mawu amene sindingalembe. Anaimirira, n'kuvundukula mng'oma wachisanu. Chitinicho chinali chotentha ngati chochokera mu uvuni, ndipo phula linali litayamba kuchita thukuta.

"Yatsa choziziritsa m'galimoto mwako," anatero. "Ndipo uimbire chitsiru chija chibwere kuholo."

* * *

Tinafika kutatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane 2 koloko. A Haugen anali atavala kale jekete ndi chipewa, kiyi ali pathebulo. A Kaczmarek anatenga mphindi khumi ndi imodzi kukwera masitepe, akutukwana iliyonse.

Mayi Pruss anaika chitinicho pamwamba pa zinzake. "Ndinatenga ndine. Lemba, mwana wa Kowalke. Pruss, ma *s* awiri."

Kowalke anayang'ana mayiwo, n'kuyang'ana a Haugen, kenako n'kuyamba kuwerenga ndi chala. "Khumi, khumi ndi chimodzi, khumi ndi ziwiri." Anatseka kabuku kake. "Ndiye kuti ndine sindidziwa kuwerenga. Aphunzitsi ankanena. Ndikamuuza wa ku Chicago uja." Anakankhira kiyi kwa a Haugen. "Valani, bambo, mukuoneka amaliseche."

A Haugen anabwezera kiyi m'khosi, n'kuvula chipewa. 

"Ndiwe chitsiru, Orville," anatero mayi Pruss. "Ukanagona m'chitolokosi chifukwa cha ine?"

"Ndimaganiza kuti ndi Lyle."

"Ine?" anatero a Kaczmarek ali wefuwefu. "Ndi maondo awa?"

"Ndinati mwina mantha akupatsa mapiko."

Pansi pathu holo inali itayamba kudzaza. Tinkamva mipando ikugubuduka ndi anthu akuimba kanyimbo ka mufilimu, kolira ngati njuchi. Tonse tinayang'ana chitinicho.

"Tikhoza kuwauza kuti filimu yaola," ndinatero. Ine ndemwe, wa masamba 112. "Palibe angadabwe."

Mayi Pruss anagwedeza mutu kuvomereza. A Kaczmarek anakhala pampando wa a Haugen, chisoti cha neti chili pamiyendo, akuchitembenuza.

"Darlene, m'mawawu ndathawa njuchi imodzi pamaso pa anthu makumi asanu."

"Unali kuchita sewero."

"Ndi mmene aganizira. Andiombera m'manja." Anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. "Zaka 25 ndikulemba kuti *wakupha wako*. Ukudziwa kuti mufilimu yonse ija ine sindinaphe munthu? Pamene ndinavala chisoti ndi pamodzi pokha, pamene kamtsikana kakundiphwanya ndi fosholo. Ndipo unandimenyadi, mfiti iwe."

"Vern anati zioneke zenizeni."

"Mpaka lero khutu ili silimva." Anatambasula dzanja. "Bweretsa kuno."

"Lyle, ukayambiranso kumwa ndikupha kachiwiri."

"Ndasiya kalekale kuopa botolo. Chimene ndimaopa ndi mwana wa tsitsi lobiriwira kundifunsa kuti njuchi zimamveka bwanji m'zala." Analowetsa chikhadabo chake chachikulu cha wogulitsa nyama m'mphepete mwa chivindikiro, n'kuzungulira. Phula linagwa tizidutswatizidutswa. Fungo la viniga linatuluka, koma filimuyo inali yathunthu.

A Haugen anailandira ndi manja awiri, n'kuikweza kukuwala, osasuzumira zithunzi zake.

"Iyenda kamodzi," anatero. "Mwina kawiri. Tsopano tulukani m'chipinda changa nonse."

Inali ya masekondi 48, yopanda mawu. Munda, dzuwa la mu Ogasiti, mnyamata wophedwa ali gone, akudya sangweji. Chilombo chikubwera, manja ali bii ndi njuchi. Chikuima, n'kukweza chisoti. Mtsikana wa zaka 19, tsitsi litamata ndi thukuta, akutulutsira lilime munthu wa kamera.

M'holo munali zii. Ndinkamva makina a a Haugen akulira kumwamba.

Kenako mpando wakutsogolo unalira, ndipo a Kaczmarek anaimirira ndi ndodo zawo, n'kutembenukira anthu.

"Mukuyang'ana chiyani?" anakuwa. "Mzere uyambire apa! Ndipo woyamba ndine!"

Anasolola chithunzi m'thumba, chimodzi mwa zomwe akhala akusayina zaka zonsezi, n'kupatsa mayi Pruss pamodzi ndi cholembera.

"Ndilembe chiyani?" anafunsa mayiwo.

"Ukudziwa. Koma ulembe zooneka, iwe. Anthu awa ndinawazoloweza bwino."